PA MPHAMBANO: Lonjezo la pa Lizulu lidakakwanira ku Beira

Anthu a m'mudzi wina wa pakati pa Ulónguè ndi Lizulu sadaleke kukamba za banja lina la achikulire limene lidachita zachilendo mu Julayi chaka cha 2024. Bambo wa zaka 69 ndi mkazi wake adagulitsa ng'ombe imodzi ndi matumba angapo a kachewere, adasiyira mdzukulu nkhuku ndi makiyi, nakwera galimoto kupita ku Beira. Kudalibe maliro kumeneko. Padalibe wodwala wopita naye ku chipatala chachikulu, ndipo sadanyamule malonda ngakhale thumba limodzi la nyemba. Adapita kukaona nyanja ndi kukapuma basi.

Kuno kumalire munthu sayenda ulendo wautali popanda chifukwa chogwirika. Amapita ku Tete kukalondola mapepala, ku Lizulu kukagulitsa kabichi, ku Dedza kukazonda wodwala. N'chifukwa chake pa chitsime adaseka, pa bawo adapukusa mitu, ndipo mwana wawo wachisamba adatha sabata yathunthu osaponda pakhomo pa makolo ake. Iye ankati ndalama ya ng'ombeyo ikadagula malata kapena feteleza wa dzinja likudzalo. Mawu akewo sadali opusa, pakuti mlimi amene wadya mbewu sakolola. Koma ulendowu udali ngongole ya zaka 37, ndipo amene akudziwa mmene ngongoleyo idayambira safulumira kuweruza.

Mnyamata wa pa doko

Mkuluyu adatsikira ku Beira koyamba mu 1973 ali ndi zaka 18. Nthawi imeneyo Ulónguè inkatchedwa Vila Coutinho, ndipo anyamata a ku Angónia sankakhalitsa pamudzi chifukwa msonkho wa Apwitikizi unkafuna ndalama. Ena ankalowera ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Joni, ena ku minda ya nzimbe ya ku Marromeu. Iye adakwera sitima pa Moatize, nafika pa Mutarara, nawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, umene udatsegulidwa mu 1935 ndipo kutalika kwake kumaposa makilomita atatu ndi theka. Atadutsa Inhaminga ndi Dondo adatsika pa siteshoni yaikulu ya Beira, imene idali ikadali yatsopano popeza idatsegulidwa mu 1966. Nyumba yaitali imene ankaidziwa kufikira tsikulo idali tchalitchi cha ku mishoni ya Lifidzi, ndiye adaima pakhomo pa siteshoniyo akuyang'ana kumwamba mpaka chipewa chidagwa.

Adapeza ntchito pa doko, yosenza ndi kupakira katundu m'sitima za pamadzi. Pamsana pake padadutsa mabokosi a tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo, mabelo a fodya ndi thonje, ndi matumba a shuga, popeza masiku amenewo katundu wambiri wa Malawi ankatulukira pa Beira. Ankagona ku Munhava, m'kanyumba ka malata kamene ankalipira pamodzi ndi mnzake wa Chisena. Mnzakeyo ndiye adamuphunzitsa chinenero cha kumeneko, kudya nkhanu ndi mpunga wophika ndi koko, ndi kudziwa nthawi imene nyanja imadzaza ndi imene imaphwa. Ntchito idali yowawa, malipiro adali ochepa, udzudzu udali wosaneneka. Komabe mnyamata wa kumapiriyu adaukonda mzindawo monga munthu amakondera malo amene adayambira kudzidyetsa yekha.

Mawu oti tchuthi adayamba kuwamvetsa ku Macuti. Kumeneko kuli gombe la mchenga ndi nsanja ya nyali yolozera sitima njira, imene idamangidwa mu 1904. Pa nthawi ya Apwitikizi azungu a ku Rhodesia ankadzaza gombelo ndi magalimoto ndi mahema awo, nagona pamchenga tsiku lonse osagwira ntchito iliyonse. Munthu wakuda ankafikako ngati khukhi, mlezi wa ana kapena wosesa. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, mnyamatayu ndi mnzake uja adayenda pansi Lamulungu lina kuchokera ku Munhava mpaka ku Macuti, adagula nsomba yokazinga, nakhala pansi pa nsanjayo mpaka dzuwa kulowa. Palibe amene adawathamangitsa. Tsiku limenelo adalisunga mumtima kuposa tsiku lina lililonse la unyamata wake.

Zaka zotsatira zidali zolimba. Mu Malichi 1976 boma la Samora Machel lidatseka malire ndi Rhodesia, ndipo sitima pa doko zidachepa. Mu 1979 adani adaphulitsa matanki a mafuta ku Munhava, moto wake nuwalitsa usiku ngati masana. Pofika 1983 njanji ya ku Sena idaima chifukwa cha nkhondo, m'masitolo mudalibe kanthu, anthu ankagona pa mzere kudikira chakudya, ndipo amene adalibe chiphaso cha ntchito ankagwidwa ndi kutumizidwa ku Niassa pa Operação Produção. Chaka chomwecho uthenga udafika woti bambo ake amwalira kumudzi. Adakatenga kalata ya ulendo, guia de marcha ija achikulire akuikumbukira, nasiya kwa mnzake bokosi la chitsulo mmene mudali jekete, wailesi ya Xirico ndi chithunzi chimene adajambulitsa pa nsanja ya Macuti. Adamuuza kuti abwera mwezi wamawa. Padapita zaka 41.

Lonjezo la m'msasa

Atafika kumudzi adapeza amayi ake ali okha ndi munda, ndipo njira yobwerera idali itayamba kuopsa. Adakwatira mu 1984. Mu 1986 nkhondo idalowa mu Angónia ndi mphamvu, midzi idapsa, ndipo banjali lidathawa usiku ndi mwana kumbuyo mpaka kudutsa msewu wa tala pa Lizulu. Achikulire akudziwa mmene zidalili: msewu womwewo ndiwo malire, ndipo ena ankaona minda yawo ndi maso koma osatha kukailima. Anthu a Moçambique amene adathawira ku Malawi adafika pafupifupi miliyoni imodzi. Moyo udali wodikira tsiku la ufa, nandolo ndi mafuta ophikira, m'timisasa ta udzu tothithikana.

Usiku, mwana akagona, mkuluyu ankasimba za Beira kuti mkazi wake asamangolira. Ankasimba za madzi opanda tsidya, za sitima zazitali kuposa bwalo la mpira, za nyanja imene imathawa nibwereranso yokha. Usiku wina wa Juni 1987, kukuzizira monga kumazizirira pa Lizulu, adati: "Amayi, nkhondo iyi ikadzatha ndidzakutengani mukaone nyanja ndi maso anu."

Mayiyo adaseka, koyamba pa miyezi yambiri. "Abambo, muyambe mwandipezera bulangete, za nyanja tidzakamba." Koma mawuwo adawamanga mumtima monga amayi amamangira ndalama pa mfundo ya chitenje.

Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 pakati pa Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, ndipo banjali lidabwerera mu 1993. Lidapeza mitengo itamera m'munda ndi pamene padali nyumba. Zaka zidapita ndi kuswa mphanje, kuumba njerwa, kugula ng'ombe ndi ngolo, kuphunzitsa ana. Mu 2016 ndalama ya ulendo idakwana, koma mfuti zidayambanso kulira pa msewu wa Tete, ndipo magalimoto ankayenda mondondozana ndi asilikali pakati pa mtsinje wa Luenha ndi Vanduzi. Adadikira. Mu Malichi 2019 mvula imene idasefukitsa Revúbuè ku Tete idatsikira kunyanja, nisanduka namondwe wa Idai, amene adagwera pa Beira usiku wa pa 14 Malichi. A Cruz Vermelha adati pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a mzindawo adaonongeka, ndipo m'dziko lonse mudafa anthu oposa 600. Mkuluyu adatha masiku khutu lili pa wailesi, nsima osaimva kukoma. Chaka chotsatira mliri wa Covid-19 udatsekereza aliyense pakhomo.

Amene adadzutsa nkhaniyi mu 2024 adali mayiyo. Maso a mwamuna wake adali atayamba kuchita nkhungu, ndipo ku chipatala adamuuza kuti ndi ng'ala, imene madokotala amatha kuchotsa koma pamafunika kudikira tsiku lake. Madzulo ena akusenda kachewere adati: "Abambo, zengerezu adalinda kwawukwawu. Maso anuwa akupita, miyendo yanga nayo yayamba kukana. Mukadzaleka kuona, adzandilozera ndani zija munkandiuza pa Lizulu?"

Mkuluyu adafunsa kuti nanga ana adzati chiyani.

"Ana adadya kale thukuta lathu," adatero mayiyo. "Ng'ombe imodziyi ndi yathu."

Adakhala pansi nawerengera bwinobwino. Mbewu ya kachewere adaipatula, ndalama ya feteleza adaisiya kwa msungichuma wa gulu lawo la alimi, chimanga cha chaka chonse chidali m'nkhokwe. Zotsalazo ndizo zidakhala za ulendo.

Msewu wa kunsi

Adanyamuka pa Ulónguè mbandakucha atavala majuzi awiriawiri. Chapa idatsika mapiri nikalowa msewu waukulu wochokera ku Zóbuè, ndipo pofika ku Moatize majuziwo adali m'chikwama. Mayiyo adaona milu ya malasha, amene adayambanso kutsikira ku Beira pa sitima mu 2011 njanji ya ku Sena itakonzedwa. Adawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, iye atatsinzina, kolona ili m'manja. Adagona ku Tete kwa mphwake wa mkuluyu, ndipo kusanache adakwera mashibombo opita ku Beira, ulendo wa makilomita pafupifupi 600.

Njira yonse mkuluyu ankatchula maina akale. Pa Catandica adati Vila Gouveia, pa Chimoio adati Vila Pery, pa Nhamatanda adati Vila Machado, mpaka mnyamata wa pampando wa kutsogolo adatembenuka kufunsa ngati agogowo akuchokera kunja. Milambe ya ku Changara idatha, mapiri a ku Manica adabwera natsalira m'mbuyo. Pa Chimoio mayiyo adaona phiri lija lofanana ndi nkhope ya nkhalamba yogona chagada, limene amalitcha Cabeça do Velho, nakodola mwamuna wake: "Abambo, taonani, adakujambulani musanafike." Atadutsa mphambano ya Inchope dziko lidayamba kutsika ndi kuyala, mapiri adatheratu, kudatsala madambo, mpunga ndi migwalangwa. Pa mlatho wa Púnguè mkuluyu adatsegula zenera nati fungo la kwawo kwachiwiri lafika.

Khwawa lidasintha

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, koma sadanene kuti khwawa lidzadikira madziwo lili chimodzimodzi. Beira imene mkuluyu adaisiya mu 1983 idali ya magalimoto owerengeka. Imene adaipeza idali ya anthu oposa 500,000 malinga ndi kalembera wa 2017, ya tinjinga ta matayala atatu totchedwa txopela, ya magalimoto a katundu a ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia ondondozana pa njira ya ku doko. Pa doko penipenipo sadathe kulowa popeza pali mpanda ndi alonda, ndipo ntchito yambiri imene ankagwira ndi msana tsopano imagwiridwa ndi makina onyamula makontena. Adaima kunja kwa mpanda nalozera mkazi wake uku ndi uko, koma zimene ankalozazo mayiyo sadazione.

Tsiku lachiwiri adapita ku Munhava kukafuna mnzake uja. Adazungulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Tinjira tidasintha, mtengo wa mango umene udali chizindikiro kudalibe, ndipo achinyamata ankangopukusa mitu akamva dzinalo. Pomaliza mayi wina wokalamba wogulitsa makala adalizindikira. Adati mwini dzinalo adamwalira kalekale, nkhondo itangotha. Nyumbayo idagwa ndi Idai, ndipo ana ake adasamutsidwira ku malo atsopano cha ku Dondo pamodzi ndi mabanja ena amene madzi adawalanda pokhala. Za bokosi la chitsulo sadadziwe kanthu. Koma adakumbukira kuti malemuyo ankakonda kunena za Mngoni wina amene adapita ku maliro nalonjeza kubwera mwezi wamawa. Mkuluyu adavula chipewa, nakhala pa thumba la makala nthawi yaitali osanena kanthu.

Usiku umenewo, m'kachipinda kamene adalipira pa pensão ina, sadakhudze nsima. "Amayi, ndakuonongerani ng'ombe. Mzinda ndinkakuuzani uja kulibe. Tiyeni tibwerere mawa."

Mayiyo adayamba wamangirira neti ya udzudzu asanayankhe. "Abambo, ine sindidadzere bokosi la chitsulo. Mnzanuyo mwamulira, ndipo mawa tikamupempherera ku Misa. Koma pa Lizulu mudandilonjeza nyanja. Kodi nayonso Idai adainyamula?" Kuyambira tsiku limenelo mayiyo ndiye ankanena kopita.

M'mawa adakapemphera ku katedralo ya Nossa Senhora do Rosário, imene miyala yake ina idachokera ku linga lakale la Apwitikizi la ku Sofala. Kumeneko adakumbukiranso Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa Beira amene adamwalira mu 2016, mmodzi mwa ankhoswe amene adakhalitsa pansi mbali ziwiri zija ku Roma. Popanda anthu ngati amenewo, mabanja ambiri a kuno akadakalambira m'misasa. Potuluka adayenda m'mbali mwa Chiveve, kamtsinje kamene malowo ankadziwika nako asanapatsidwe dzina la Beira polemekeza Luís Filipe, mwana wa mfumu ya Portugal. Mkuluyu ankakadziwa ngati ngalande yonunkha. Adakapeza katakonzedwa pa nthawi ya Daviz Simango, amene adatsogolera mzindawo kuyambira pa chisankho cha 2003 mpaka imfa yake mu Febuluwale 2021. Padaikidwa zitseko zoletsa nyanja kulowa mopitirira ikadzaza ndi zotulutsa madzi a mvula ikaphwa, ndipo m'mbali mwake mudabzalidwa mitengo ndi kuikidwa timilatho ndi mipando. Ntchito yotere ndi yofunika ku Beira chifukwa madera ena ali motsika kuposa pamene nyanja imafika ikadzaza kwambiri.

Ku msika wa Maquinino ndiko mayiyo adatseguka maso. Adaona milu ya kachewere, natola mmodzi, namukanda ndi chikhadabo, nafunsa kumene adachokera. Wogulitsa adati ku Angónia. Atamva mtengo wake adagwira pakamwa, pakuti udali wowirikiza kangapo pa umene ogula a pa galimoto amapereka akabwera kumunda. Adaima pomwepo kufunsa za mtengo wonyamulira thumba, za msonkho wa pamsika ndi za miyezi imene kachewere amasowa, ndipo zonsezo adazisunga m'mutu. Chisena sichidamuvute kwenikweni popeza mawu ake ambiri ndi apachibale ndi Chinyanja. Chimene chidamudabwitsa n'chakuti aliyense akalandira ndalama ankati "takhuta". Adanong'oneza mwamuna wake kuti anthu a kuno amakhuta bwanji asanadye, ndipo mkuluyu adaseka mpaka misozi asanamufotokozere kuti kumeneko ndiko kunena zikomo.

Adadutsanso pa Grande Hotel ku Ponta Gêa, chinyumba chimene Apwitikizi adamangira alendo olemera m'zaka za m'ma 1950 koma chidatsekedwa mu 1963 chifukwa alendowo sadabwere okwanira. Pa nthawi ya nkhondo mudalowa anthu othawa kumidzi, ndipo mabanja ambirimbiri adakhazikikamo. Mayiyo adaona amayi anzake akuphika pa makwerero, ndi zovala zoyanikidwa pa makonde opanda zotchinga. Sadaseke kapena kuloza chala. Adangoti: "Awa ndi anzathu a pa Lizulu, kungoti iwo msasa wawo ndi wa simenti."

Pansi pa nsanja ya Macuti

Ku Macuti adapita tsiku lachinayi. Adafika nyanja itaphwa, ndipo mayiyo adakhumudwa pang'ono: madzi adali patali, ofiirira ngati a m'mitsinje ya kumudzi m'dzinja. Mkuluyu adamufotokozera kuti Púnguè ndi Búzi zimathira matope awo pafupi pomwepo, n'chifukwa chake nyanja ya ku Beira siyera ngati ya pa kalendala. Adamuuza kuti adikire. Adakhala pansi pa nsanja ija ya mizere yofiira ndi yoyera, pafupi ndi chigoba cha sitima yakale chimene dzimbiri lakhala likudya, nagula nsomba yokazinga. Patapita maola angapo madzi adayamba kubwera, mzere ndi mzere, mpaka pamene padali mchenga padasanduka mafunde. Ku Beira nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pa mwezi watsopano ndi mwezi wathunthu kusiyana kwake kumafika mamita 6.

Mayiyo adavula nsapato, adakweza chitenje mpaka m'mawondo, nalowa pang'onopang'ono atagwira dzanja la mwamuna wake. Funde loyamba litamugunda adakuwa ngati mtsikana. Adatapa madzi m'dzanja, nalawa, nalavula. "Abambo, mcherewu adathira ndani?" Kenaka adayang'ana kutsogolo kufuna tsidya lina, osalipeza. Kutali kudali sitima ziwiri zodikira kulowa pa doko. Mkuluyu sadathe kuziona bwino, ndiye mkazi wake adayamba kumuuza: iyi ndi yakuda, iyo yanyamula mabokosi amitundumitundu, uko kuli ngalawa ya asodzi ya thanga. Adakhala chomwecho mpaka madzulo. Mnyamata wina adawajambula ndi foni yawo pansi pa nsanjayo, pomwe padajambulidwa chithunzi chija chidatayika ndi bokosi.

Akuvala nsapato mayiyo adati: "Ngongole yanu yatha, abambo. Simudaname pa Lizulu paja."

Kwa amene angafune kutsatira

Amene angafune kuyenda ulendo wotere adziwe zinthu zingapo. Nyengo yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti: kumudzi zokolola zili m'nkhokwe, ku Beira kutentha kwachepa, ndipo nthawi ya anamondwe yapita. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi yoopsa. Idai adabwera mu Malichi 2019, ndipo Eloise adagunda dera lomwelo mu Januwale 2021. Chiphaso cha munthu aliyense chikhale m'thumba popeza pamsewu apolisi amafunsa. Ndalama zonse zisakhale pa mfundo imodzi: zina zikhale mu foni, zina kwa mayi, zina kwa bambo. Zikhale meticais, pakuti kwacha imene imayenda m'misika ya kumalire ku Beira sigula ngakhale mkate.

Anthu a kumapiri ozizira asapeputse udzudzu wa kunyanja. Neti anyamule yawo, ndipo thupi likatentha pobwerera athamangire kukayezetsa malungo. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena a m'botolo. Amene sadziwa kusambira asapitirire m'mawondo, ndipo asayende kutali pamchenga nyanja ikaphwa, chifukwa pobwerera imathamanga kuposa nkhalamba. Ofuna nsomba apite ku Praia Nova m'mawa ngalawa zikamafika. Koposa zonse, ulendo usadye mbewu, feteleza kapena ndalama ya sukulu ya mwana. Mwana wachisamba uja adali ndi mfundo, ndipo makolo ake adaiyankha ndi nkhokwe yodzaza asananyamuke.

Palinso mawu kwa abambo. Amuna ambiri a m'maboma a kumalire adaona Beira, Harare kapena Joni ali anyamata, ndipo akhala akusimba za mizindayo pamoto zaka makumi angapo. Amayi amene adasunga midzi, amene adabereka ana kumbuyo pothawa nkhondo, amene adalima madimba adagula ng'ombe zili m'kholazo, ambiri sadapitirirepo Tete. Mayi akamwalira ng'ombe imaphedwa tsiku lomwelo, ndipo palibe amene amati yaonongeka. Banja ili lidasankha kuti ng'ombe yawo igwire ntchito onse awiri akadali ndi moyo.

Adabwerera kumudzi ndi nsomba zouma, koko anayi, kapulana yatsopano ndi botolo la malita awiri lodzaza madzi a m'nyanja. Madzulo ake adzukulu adaima pa mzere kulawa ndi supuni, aliyense akukwinya nkhope. Mwana wachisamba uja adabwera mochedwa naima patali, koma pomaliza nayenso adalawa, natenga foni kuyang'ana chithunzi cha makolo ake nthawi yaitali. Mayi ake adakafotokozera gulu la alimi za mitengo ya ku Maquinino, ndipo gululo lidayamba kukambirana zosonkha ndalama ya galimoto imodzi m'malo mogulitsira pamunda. Patapita miyezi ingapo mkuluyu adachotsedwa ng'ala ya diso limodzi, ndipo chinthu choyamba chimene adapempha kuona chidali chithunzi cha pa Macuti.

Pa chitsime kuseka kuja kudatha. Akuti amayi angapo a m'mudzimo adayamba kufunsa amuna awo za mizinda imene akhala akuisimba zaka zonsezi, ndipo pa bawo abambo ena adasiya kutchula Beira mokweza.